Chakudza sichiyimba ng'oma: Elliot Kamwana ndi chaka cha 1914

M'midzi ya makedzana ng'oma idali mthenga. Ikalira mwa kaliridwe kena usiku, anthu ankadziwa kuti kwagwa zovuta. Ikalira mwa kaliridwe kena, ankadziwa kuti kubwalo kuli gule, kapena kuti mfumu ikuitana anthu ake. Koma akuluakulu adaona kuti zinthu zikuluzikulu zimene zimatembenuza moyo wa munthu, monga chilala, dzombe, mliri ndi imfa, zimangotulukira popanda wozilengeza. N'chifukwa chake adasiya mwambi woti chakudza sichiyimba ng'oma. Mwambiwu suletsa munthu kuganizira za mawa ayi. Umamulangiza kuti akhale wokonzeka masiku onse, pakuti tsiku lenilenilo silidziwika.

M'mbiri ya Chikhristu mwakhala mukudzuka anthu amene adayesa kuchiyimbira ng'oma chakudzacho. Iwo adawerenga mabuku a Danieli ndi Chivumbulutso, nawonkhetsa zaka, natchula chaka, mwezi, mwinanso tsiku limene dziko lino lidzathere. Mmodzi mwa olalikira uthenga wotere adali Mtonga wa ku Nkhata Bay, dzina lake Elliot Kenan Kamwana. Pakati pa 1908 ndi 1909 iye adabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yowerengeka, akulalikira kuti maufumu a dziko lapansi adzatha mu Okutobala 1914. Adzukulu ayenera kuidziwa mbiri imeneyi, chifukwa imaonetsa kumene maulosi otere amachokera, chimene chimakopa anthu kuti awatsate, ndi chimene chimatsala tsikulo likadutsa.

Chiphunzitso chakale cha mpingo

Mipingo ya Chikhristu imavomerezana pa mfundo yoti Yesu Khristu adzabweranso ndipo padzakhala chiweruzo. Kusiyana kumayambira pa mafunso awiri: zidzachitika motani, nanga zidzachitika liti? Pa funso lachiwirili Chipangano Chatsopano chimayankha mosapita m'mbali. Mu Mateyu 24 ndi Marko 13 Yesu adatchula zizindikiro monga nkhondo, njala ndi zivomezi, koma adachenjeza ophunzira ake kuti nthawi yeniyeniyo amaidziwa ndi Atate okha. M'mutu woyamba wa Machitidwe a Atumwi ophunzirawo atafunsanso za nthawi, adauzidwa kuti imeneyo si mbali yawo. Ndipo pamene Akhristu ena a ku Tesalonika adatekeseka poganiza kuti tsikulo lafika kale, ena mwa iwo n'kuleka ntchito, mtumwi Paulo adawalembera kuti akhazike mtima pansi, abwerere ku ntchito, azidya thukuta lawo.

Komabe mtima wofuna kudziwa tsiku sudathe. Pakati pa zaka za 150 ndi 180, Montanus wa ku Phrygia, m'dziko limene lero ndi Turkey, adaphunzitsa kuti Yerusalemu watsopano atsikira pa mudzi wotchedwa Pepuza. Mzindawo sudatsike. Pambuyo pake Augustine, amene adakhala ndi moyo kuyambira 354 mpaka 430 ndipo adali bishopu wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, adaphunzitsa kuti zaka 1,000 zotchulidwa mu Chivumbulutso 20 si zaka zoti munthu aziwerenge pa kalendala. Iye adati ndi nyengo yonse ya mpingo, kuchokera pa kubwera koyamba kwa Khristu kufikira pa kubwera kwake kwachiwiri. Maganizo amenewa ndiwo adalamulira mipingo ya ku Ulaya kwa zaka mazanamazana. Mu 1516 msonkhano wa mabishopu a Katolika ku Lateran, mumzinda wa Rome, udaletsa alaliki kutchula nthawi ya tsiku la chiweruzo. Chivomerezo cha Westminster cha mu 1646, chimene Apresibeteriyani a ku Scotland adachilandira, chimatsiriza ndi mfundo yoti tsikulo lidabisidwa dala kuti anthu akhale tcheru nthawi zonse.

Akhristu ena adamva zaka 1,000 zija mosiyana. Ena adati uthenga wabwino udzakonza dziko pang'onopang'ono, kenako Khristu adzabwera. Ena adati dziko lidzaipiraipira, Khristu adzabwera kudzagwetsa maboma onse, n'kulamulira pansi pano zaka 1,000 zenizeni. Ambiri a m'gulu lotsirizali satchula tsiku, koma owerengera masiku ochuluka adatuluka m'gulu lomweli. Uthenga umene udafika m'mphepete mwa nyanja ya Malawi mu 1908 udaphuka pa tsinde limeneli.

Masamu a mlimi wa ku America

Kuti munthu amvetse za Kamwana, ayenera kuyambira kutali, pa mlimi wina wa ku Low Hampton, m'chigawo cha New York ku America. Dzina lake lidali William Miller, wa mpingo wa Baptist, wobadwa mu 1782. Iye adatenga masiku 2,300 otchulidwa mu Danieli 8, nati tsiku lililonse likuimira chaka. Adayamba kuwerenga kuchokera m'chaka cha 457 Khristu asanabadwe, ndipo atachotsa 457 pa 2,300 adapeza 1843. Motero adalalikira kuti Yesu adzabwera pakati pa 21 Malichi 1843 ndi 21 Malichi 1844. Nthawiyo itadutsa, mmodzi mwa otsatira ake, Samuel Snow, adakonzanso masamuwo natchula tsiku la 22 Okutobala 1844.

Anthu zikwi makumimakumi adakhulupirira. Ena adatseka masitolo, ena adagawa katundu, ena adasiya mbewu zawo m'munda osakolola. Tsikulo lidafika, dzuwa lidalowa, ndipo m'mawa mwake kudacha monga mwa masiku onse. Mbiri imatcha tsiku limenelo kukhumudwa kwakukulu. Miller adavomera kuti adalakwa pa nthawi, ndipo adamwalira mu 1849 akuyembekezerabe kubwera kwa Ambuye.

Otsatira ake adagawikana. Ena adataya chikhulupiriro, ena adabwerera ku mipingo yawo yakale. Gulu lina lidati tsikulo lidali loona, koma chimene chidachitika chidachitikira kumwamba, osati pansi pano. Gulu limeneli ndilo lidakhazikitsa mpingo wa Seventh-day Adventist mu 1863, ndipo mpingowu udaleka zotchula tsiku. Koma padali enanso amene adati kulakwa kudali m'masamu chabe, naganiza zowerenganso. Mmodzi wa amenewa adali Nelson Barbour, amene adadzakhala mphunzitsi wa mnyamata wina wamalonda wa ku Pittsburgh, Charles Taze Russell.

Kuchoka ku Pittsburgh kufika ku Cape Town

Russell adabadwa mu 1852, ndipo mu 1879 adayamba kusindikiza magazini yotchedwa Zion's Watch Tower. Iye adaphunzitsa kuti Khristu adabwera kale mosaoneka mu 1874, ndi kuti nthawi imene mitundu ya anthu idapatsidwa kuti ilamulire dziko idzatha mu Okutobala 1914. Masamu ake adali otere: nthawi zisanu ndi ziwiri zotchulidwa mu Danieli 4 adazitenga ngati zaka 7 za masiku 360, zimene zimapereka masiku 2,520. Tsiku lililonse adaliyesa chaka. Kenako adawerenga kuchokera m'chaka cha 606 Khristu asanabadwe, chimene iye ankati ndi pamene Yerusalemu adapasulidwa ndi Ababulo, nafika pa 1914. Akatswiri a mbiri yakale amaika kupasulidwa kwa Yerusalemu mu 587 kapena 586, koma otsatira Russell sadatekeseke nazo.

Mlatho pakati pa Russell ndi Nyasaland udali Joseph Booth, Mngelezi amene adafika m'dziko muno mu 1892 nakhazikitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Booth adali munthu wosakhazikika pa mpingo umodzi, koma pa nkhani yodzudzula kulandidwa kwa malo a anthu akuda sadasinthe. John Chilembwe adali wantchito wake, ndipo awiriwa adapita limodzi ku America mu 1897. Booth yemweyo ndiye adayambitsa mishoni ya Plainfield ku Thyolo, imene a Seventh-day Adventist adaitenga mu 1902, nidzatchedwa Malamulo. Boma la atsamunda lidatopa naye, ndipo pamapeto pake silidamulole kukhalanso m'dzikomo.

Mu 1906 Booth adakumana ndi ziphunzitso za Russell, ndipo pofika 1907 adali ku Cape Town akuzifalitsa. Pokhala kuti iye sakadatha kulowa mu Nyasaland, adaganiza zophunzitsa anyamata a kuno amene ankagwira ntchito ku South Africa, kuti iwo atengere uthengawo kwawo. Woyamba kutumidwa adali Elliot Kamwana.

Mwana wa sukulu ya Bandawe

Kamwana, wa mfunda wa Chirwa, adabadwa cha m'ma 1870 m'dera la Atonga. Amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, adasamukira ku Bandawe mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, ndipo Atonga adalandira sukulu ndi manja awiri. Kamwana adaphunzira ku Bandawe, kenako adasankhidwa kupita ku Overtoun Institution ku Khondowe, sukulu yapamwamba koposa m'dziko lonse pa nthawiyo. Adachokako mu 1901 asadabatizidwe. Ubatizo adakaulandira ku Plainfield, ndipo pambuyo pake adalowera ku South Africa, kumene adagwira ntchito pa chipatala cha pa mgodi kufupi ndi Johannesburg. Kumeneko adaona ndi maso ake moyo wa munthu wakuda pansi pa ulamuliro wa azungu. Atakhala miyezi ingapo ndi Booth ku Cape Town, adabwerera kwawo chakumapeto kwa 1908.

Adapeza anthu ali ndi madandaulo awiri akuluakulu. Loyamba lidali la mumpingo. Anthu zikwi zambiri ankafuna ubatizo, koma amishoni adaika njira yaitali: munthu ankayamba kalasi ya akumva, n'kupita m'kalasi ya okonzekera ubatizo, n'kudikira zaka zingapo. Ankafunsidwa mafunso ovuta, ndipo akapezeka ndi mlandu wa mowa kapena wa mitala ankabwezedwa m'mbuyo. Amishoni oyesa anthuwo adali ochepa, mzere wodikira udali wautali, ndiponso sukulu zidali zitayamba kulipiritsa. Amishoni adali ndi zifukwa zawo, pakuti ankafuna mpingo wa anthu odziwa chimene akhulupirira. Koma kwa mayi wokalamba amene sankatha kuwerenga, zinkaoneka ngati khomo la kumwamba latsekedwa ndi mayeso a sukulu.

Dandaulo lachiwiri lidali la boma. Msonkho wa nyumba udakwezedwa kufika masheleni 6, koma munthu wogwirira mzungu ntchito mwezi umodzi ankalipira masheleni 3. M'dera la Atonga ntchito zolipidwa zidali zochepa, choncho amuna ambiri ankayenda ulendo wautali kupita ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Akazi ankatsala okha ndi minda ya chinangwa, ndipo ena mwa amunawo sankabwerako.

Miyezi ya ubatizo

Uthenga wa Kamwana udayankha madandaulo onse awiri nthawi imodzi. Ubatizo udali waulere ndi wosadikiritsa. Munthu akamva ulaliki navomera, ankamizidwa m'madzi a m'nyanja kapena a mumtsinje popanda zaka za m'kalasi. Ndipo chifukwa chofulumirira chidali chomveka kwa aliyense: kwatsala zaka zisanu zokha. Mu 1914 maboma onse adzagwa, msonkho udzatha, ndipo Khristu ndiye adzalamulire. Amishoni a ku Bandawe adalemba kuti Kamwana ankalosera kutha kwa ulamuliro wa azungu, ndi kuti anthu akuda adzayendetsa okha zinthu zawo. Makalasi a mishoni adayamba kuchepa anthu, ndipo m'miyezi yochepa chiwerengero cha obatizidwa chidayandikira 10,000.

Si bwino kuwayesa opusa anthu amenewa. Masamu a zaka 2,520 ambiri a iwo sakadatha kuwalongosola, ndiponso sadali masamuwo amene adawakokera ku nyanja. Chidawakoka n'chakuti kwa nthawi yoyamba munthu wa mtundu wawo, wolankhula chinenero chawo, wodziwa Baibulo ngati mzungu, adawauza kuti Mulungu waona mavuto awo ndipo waika malire ake. Wodwala amene wavutika nthawi yaitali amamvera msanga sing'anga amene wamuuza tsiku lochira kusiyana ndi amene wangomuuza kuti apirire.

Boma silidachedwe. Mu Malichi 1909 Kamwana adamangidwa, pa nthawi imene Alfred Sharpe adali bwanamkubwa. Adachotsedwa m'dera la kwawo, ndipo zaka zotsatira adakhala mosaloledwa kuyenda momasuka, nthawi yaitali ku Chinde, pa mathiriro a mtsinje wa Zambezi, kenako ku Mulanje. Ali kutaliko ankalemberabe makalata otsatira ake. Mu 1910 kudaoneka nyenyezi ya mchira ya Halley, ndipo ambiri adaiyesa chizindikiro choti mapeto ayandikira. Chaka chomwecho Russell adatuma William Johnston kudzaona mipingo ya ku Nyasaland. Johnston adapeza kuti zimene anthuwo ankakhulupirira zidasiyana kwambiri ndi za m'mabuku a Russell, amene sankalimbikitsa zolimbana ndi boma. Mipingo ina idachoka nikalowa ku Seventh Day Baptist, kumene mmodzi mwa atsogoleri adali Charles Domingo, nayenso wophunzira wa ku Livingstonia. Ina idatsala ikuwerenga miyezi.

Chaka chidafika

Chimene chimaisiyanitsa nkhani ya 1914 ndi maulosi ena n'chakuti m'chaka chimenecho mudachitikadi chinthu choopsa. Mu Ogasiti nkhondo yaikulu idabuka ku Ulaya, ndipo sidachedwe kufika pa nyanja ya Malawi, pakuti tsidya la kumpoto chakum'mawa lidali m'manja mwa Ajeremani. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen idaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania. Pa 9 Seputembala kudachitika nkhondo ku Karonga, ndipo asilikali akuda adafa mbali zonse ziwiri. Kwa munthu amene adamva ulaliki wa Kamwana zaka zisanu m'mbuyomo, zonsezi zidaoneka ngati mawu akupherezeka.

Alimi amaidziwa mvula yotchedwa chizimalupsa, imene imagwa pa malo otenthedwa dzinja lisadafike. Imabwera ndi mabingu, nthaka imanunkhira, ndipo mlimi wosaleza mtima amathamangira kubzala. Koma dzuwa limabwereranso, mbewu n'kupserera m'nthaka. Okutobala 1914 adafika nadutsa. Maboma sadagwe, msonkho sudathe. M'malo mwake mtolo udalemera kuposa kale. Amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland adatengedwa kukhala amtengatenga, onyamula katundu wa asilikali pa mutu m'nkhalango za kum'mawa kwa Africa, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Nkhondo itangotha, mu 1918 kudagwa mliri wa chimfine umene udapululanso anthu.

Pa 23 Januwale 1915 John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, adaukira atsamunda, ndipo adaphedwa pa 3 Febuluwale. Madandaulo ake adali a thangata, a nkhanza za pa minda ya azungu, ndi a kufa kwa anthu akuda pa nkhondo ya eni. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa kukula kwa mbali imene chiyembekezo cha kutha kwa dziko chidatengapo pa kuukirako. Kamwana mwini wake sadanyamule chida, pakuti ankakhulupirira kuti wogwetsa maufumu ndi Mulungu, osati munthu. Koma boma lidali litachita mantha ndi mlaliki aliyense woima payekha. Lidamutumiza ku chilumba cha Mauritius, kenako ku Seychelles, m'nyanja yaikulu ya India. Adaloledwa kubwerera kwawo mu 1937, patapita zaka 28 chimangidwire. Adakhazikitsa mpingo wake wotchedwa Watchman Healing Mission, umene anthu ankautcha Mlonda, ndipo adamwalira mu 1956, boma limene adalosera kugwa kwake likulamulirabe. Lidachoka mu 1964, ndipo njira yake idali ya misonkhano, ndende ndi mavoti.

Tsiku likadutsa

Ulosi ukalephera, okhulupirira amatsata njira zitatu, ndipo zonsezi zidaoneka mu 1844 ndi mu 1914 momwe. Ena amachoka ali okhumudwa, mwina n'kutayiratu chikhulupiriro chonse. Ena amati tsiku lidali loona koma chochitikacho n'chosaoneka ndi maso. Otsatira Russell, amene adatenga dzina loti Mboni za Yehova mu 1931, amaphunzitsa kuti mu 1914 Khristu adayamba kulamulira kumwamba. Ena amasuntha tsiku: mtsogoleri amene adalowa m'malo mwa Russell, Joseph Rutherford, adalengeza kuti mu 1925 Abrahamu, Isake ndi Yakobo adzauka, ndipo izinso sizidachitike.

Uthenga umene Kamwana adabzala udayenda ndi amuna opita ku migodi, nufika ku Northern Rhodesia ndi ku Congo, kumene udatchedwa Chitawala kapena Kitawala. Magulu amenewa adali odziimira paokha, ndipo a Mboni za Yehova adakana kuti si awo. Lina mwa iwo lidafika poipa. Tomo Nyirenda, wochokera kumpoto kwa Nyasaland, adalowa pakati pa Alala mu 1925 akubatiza anthu pokonzekera mapeto. Adadzitcha Mwana Lesa, kutanthauza mwana wa Mulungu, nayamba kunena kuti ubatizo wake umaulula mfiti. Amene adawatchula kuti ndi mfiti adaphedwa, ambiri mwa iwo pomizidwa m'madzi, ndipo chiwerengero chawo chidapitirira 100. Nyirenda adanyongedwa mu 1926 ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe. Kamwana sadaphunzitse zotere, koma apa m'pamene pamaonekera kuopsa kwa uthenga wa tsiku loikika. Munthu akakhulupirira kuti mawa kulibe, malamulo amene amateteza mnansi wake amayamba kuoneka opepuka, ndipo amene akuti akudziwa tsikulo amasanduka mwini moyo wa anzake.

Ng'oma zotere sizidaleke kulira. Ku Kanungu, m'dziko la Uganda, atsogoleri a gulu lina lachipembedzo, Joseph Kibwetere ndi Credonia Mwerinde, adauza anthu kuti dziko litha pamene chaka cha 1999 chikutha. Anthu adagulitsa minda ndi ziweto napereka ndalama. Tsikulo litadutsa, ena adayamba kufunsa za chuma chawo. Pa 17 Malichi 2000 anthu mazanamazana adatenthedwa m'tchalitchi chotsekedwa, ndipo pophatikiza ndi mitembo imene idapezeka m'maenje, akufa adaposa 700. Ku America, Harold Camping wa wailesi ya Family Radio adalengeza tsiku la 21 Meyi 2011, kenako 21 Okutobala chaka chomwecho. Ena mwa omvera ake adasiya ntchito namwaza ndalama zimene adasunga moyo wawo wonse pofalitsa uthengawo. Mu 2012 Camping adavomera poyera kuti kutchula tsiku kudali kulakwa ndi kuchimwa. Ku Shakahola, m'dziko la Kenya, mu 2023 mudafukulidwa mitembo yoposa 400 ya anthu, kuphatikizapo ana ambiri, amene adauzidwa kuti asale kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu dziko lisadathe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimene mwambi umasunga

Pa nkhani imeneyi nzeru za makolo ndi chiphunzitso chakale cha mpingo zimakumana. Makolo ankadziwa kuwerenga zizindikiro. Mitengo ikayamba kuphuka masamba, kutentha kukakula, mitambo ikayamba kusonkhana, ankadziwa kuti dzinja layandikira. Koma padalibe nkhalamba imene inkatchula tsiku limene mvula yobzalira idzagwe. Chimene ankachita ndi kusosa, kugalauza, kufolera nyumba, ndi kupachika chimanga cha mbewu pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze ku anankafumbwe. Mvula ikabwera usiku, inkapeza zonse zili m'malo. Yesu naye adapereka chitsanzo cha mkuyu wophuka masamba, ndipo m'mutu womwewo adakana kutchula tsiku. Kukhala tcheru kumene Malembo amanena n'kofanana ndi kwa mlimi ameneyu: munda wolimidwa, ngongole zobwezedwa, milandu ndi abale yokambidwa, ana ali pa sukulu.

Mbiri ya Kamwana ili ndi phunziro kwa mbali zonse. Kwa atsogoleri a mipingo ndi a dziko, imakumbutsa kuti anthu sathamangira wolosera tsiku popanda chifukwa. Kumene kuli msonkho wolemera, ulova, matenda ndi makomo otsekedwa, wotchula tsiku la chipulumutso sasowa omvera. Atonga a mu 1909 adali ndi madandaulo oona, ndipo Kamwana adalipira zaka 28 za moyo wake chifukwa chowatchula poyera. Pa chimenechi ayenera kukumbukiridwa mwaulemu, monga mmodzi mwa oyamba kunena kuti ulamuliro wa atsamunda uli ndi mathero.

Kwa adzukulu, amene masiku ano amalandira maulosi pa lamya za m'manja, pa wailesi ndi pa intaneti, phunziro lake ndi la mafunso atatu oyenera kufunsa munthu asadagulitse mbuzi kapena kusiya sukulu. Kodi wolengezayo walidziwa bwanji tsiku limene Malembo omwe akuwawerengawo akuti n'lobisika? Kodi akupempha chiyani kwa omvera ake, ndipo chumacho chikupita m'manja mwa yani? Nanga tsikulo likadutsa, adzabweza ndani zimene zatayika, popeza madzi akatayika saoleka? Montanus, Miller, Russell, Kamwana ndi Camping adasiyana mitundu, zinenero ndi nthawi, ndipo ambiri a iwo adali anthu oona mtima. Onse adatchula nthawi kapena malo, ndipo onse adalakwa. Safunsa adadya phula.